Tsiku langa loyamba ndi gulu ndinatsala ndekha pamphambano

Mlendo:
Akuluakulu nonse, moni. Ndakhala masiku atatu ndikulimbana ndi mtima, kuti ndilembe kapena ndingosiya kubwera mwakachetechete. Ndaona kuti ndilembe ndithu, chifukwa mawa kudzabwera wina ngati ine.

Loweruka lapitali linali tsiku langa loyamba kupalasa njinga ndi gulu lino. Uthenga woitanira anthu unati ulendo ndi wa makilomita 40, woyenda modekha, aliyense abwere. Ine ndimapalasa ndekha makilomita 20 kapena 25 ndikaweruka kuntchito, choncho ndinati ndikwanitsa. Ola loyamba linandikomera kwambiri. Sindinkadziwa kuti njinga imapepuka chonchi ukakhala pakati pa anzako. Kamsewu kodutsa m'minda kaja, mame asanaume, phokoso lili la matayala ndi matcheni basi, ndinadzifunsa kuti ndinachedweranji zaka zonsezi.

Zinasintha titawoloka kamlatho n'kuyamba chitunda chachitali chija. Ndili pakatikati, miyendo italema, ndinasintha giya, tcheni n'kugwa. Ndinakuwa kuti "dikirani," koma palibe anacheuka. Chomaliza kuchiona unali msana wa munthu wovala malaya achikasu ukuzimiririka pokhota. Tcheni chinali chitapanikizika pakati pa giya ndi felemu. Ndinalimbana nacho mpaka zala zonse bii ndi oyilo, chikhadabo chimodzi n'kuthyoka. Nditafika pamwamba ndinapeza mphambano ya njira zitatu, popanda munthu ndi mmodzi yemwe. Foni inalibe netiweki. Ndinayang'ana pansi kuti mwina ndiona mizere ya matayala, koma phula silisunga zimenezo. Ndinakhala pamwala mphindi 20 kudikira kuti wina abwerera. Kenako ndinatembenuka n'kutsata njira yomwe tinadzera, misozi ili m'maso.

Sindikuloza munthu chala. Ndikungofunsa: kodi ndi mmene zimakhalira, kuti wochepa mphamvu adzionere yekha? Ngati ndi choncho mundiuze, ndiyambe ndalimbitsa kaye miyendo.

Wotsogolera:
Achemwali, pepani kwambiri. Si mmene ziyenera kukhalira ayi, ndipo mlanduwu ndi wanga chifukwa wotsogolera tsiku lija ndinali ine. Tinanyamuka anthu 14. Amene tinamusankha kuti aziyenda kumapeto kwenikweni tayala linamuphulikira titayenda makilomita 12, linang'ambika m'mbali moti chigamba sichikanathandiza, ndiye anandiuza kuti akubwerera. Pomwepo ndinayenera kusankha wina wotenga malo ake. Sindinatero. Titafika pamphambano ija ndinangocheuka, n'kuona anthu ali mulu, n'kukhotera kumanzere osawerenga. Tinazindikira kuti tili 12 m'malo mwa 13 titapita kale makilomita ena 6. Anthu awiri anabwerera kukakufunani koma anapeza mutachoka. Nambala yanu sindinaitenge m'mawa muja. Ndipo madzulo omwewo ndinayenera kulemba pano kufunsa ngati munafika bwino, koma manyazi anandigwira. Zonsezi ndalakwa ndine.

Kamphepo:
Pepani achemwali, zimene zinakuchitikiranizi si zabwino. Koma akuluakulu, tiyeni tinene chilungamo chonse. Enafe sabata yonse timakhala pantchito, tsiku lopalasa ndi Loweruka lokha. Tikamaima mphindi 10 pachitunda chilichonse thukuta limauma, miyendo imazizira, ndipo pofika kunyumba umamva ngati sunapalase n'komwe. Ine chaka chino ndikukonzekera ulendo wa makilomita 200, uja umafunika kumalizidwa m'maola 13 ndi theka, ndipo mtima wanga uli pa Paris-Brest-Paris, ulendo wa njinga wa ku France, makilomita 1,200 m'maola 90. Kumeneko sungafikeko ukamaima pachitunda chilichonse. Bwanji tigawe magulu awiri, othamanga paokha, odekha paokha? Amene sakudziwa mphamvu zake ayambe ndi lodekhalo.

Amake Mapasa:
Achimwene, ulendo wa Loweruka ndiwo unali wodekhawo. Uthenga unatero, ndipo mlendo wathuyu anabwera pokhulupirira uthengawo.

Achemwali, malaya achikasu aja anali anga. Nditawerenga zomwe mwalembazi mtima unangoti phwii. Sindinakumveni, ndikunena zoona. Ndinali wefuwefu, mutu uli pansi, maso ali pa tayala la amene anali kutsogolo kwanga, chifukwa nanenso ndinkaopa kutsala. Liwiro lomwe akutsogolo anayamba nalo pachitunda chija silinali lomwe tinapangana. Koma zimenezo sizikundichotsera mlandu. Ndinkadziwa kuti kumbuyo kwanga kuli munthu watsopano ndipo sindinacheuke ngakhale kamodzi. Mundikhululukire.

Agogo a Tcheni:
Ana anga, ndilankhuleko, ndapalasa m'magulu zaka zoposa 30. Mwana wanga Mlendo, wachita bwino kulemba. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ifeyo tinazolowera moti sitionanso pomwe tikulakwitsa.

Pali chinthu chimodzi chimene amphamvu amaiwala. Pamalo athyathyathya, mdani wamkulu wa wopalasa ndi mpweya womwe akuuboola. Ukawirikiza liwiro kawiri, mpweyawo umakukankha kuwirikiza kanayi. N'chifukwa chake wopalasa kumbuyo kwa mnzake amapepukidwa, ndipo gulu likamathamanga amatha kupulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Kupepuka komwe unakumva ola loyamba kuja, mwana wanga, n'kumeneko. Sunali kulota. Koma pachitunda liwiro limatsika, mpweya susokonezanso kwenikweni, aliyense amangosenza kulemera kwa thupi lake ndi njinga yake. Mnzako sangakuthandize kusenza. Ndiye gulu limamwazika pachitunda nthawi zonse, ngakhale gulu la akatswiri. Tsono taganizirani zomwe zimachitika pamwamba. Anthu 12 agwirizananso, akubisalirana mphepo, akutsetsereka. Wotsala uja ali yekha, watopa kale, ndipo mphepo yonse ili pachifuwa pake. Kuti awapeze ayenera kukhala wamphamvu kuposa onsewo, pomwe iye ndi amene watsala chifukwa chochepa mphamvu. Sizingatheke. Amene mumati "atipeza kutsogolo" mukunena chinthu chosachitika.

Komanso kudikira kuli ndi kadikiridwe kake. Ndaona kambirimbiri anthu akudikira pamwamba, apuma mphindi zisanu, amwa madzi, ndiye womaliza akangofika, phazi asanaponde n'komwe pansi, wina n'kuti "tiyeni." Apo amene wapuma ndi amene sanafunikire kupuma. Womaliza akafika, mupatseni nthawi yake, amwe madzi, mpweya ubwerere, ndipo anene ndi iye kuti tinyamuke.

Mwana wanga Kamphepo, maloto ako ndi abwino ndipo ndikufuna ndidzamve kuti wawakwaniritsa. Koma udziwe kuti magulu oyenda ulendo pamodzi si chinthu chongotsalira kwa olephera mipikisano. Mu 1878 ku Harrogate, ku England, anthu anayambitsa Bicycle Touring Club, yomwe inadzatchedwa Cyclists' Touring Club ndipo lero ndi Cycling UK. Nthawi imeneyo njinga zinali zija za gudumu lalikulu kutsogolo. Njinga ya Rover ya John Kemp Starley, kholo la zomwe tikukwerazi, inabwera mu 1885, ndipo tayala lopopa la John Boyd Dunlop mu 1888. Anthu aja ankagwedezeka pa matayala olimba m'misewu yoipa, komabe anaona kuti n'kofunika kupanga gulu loyendera limodzi. Kuyenda awiri si mantha.

Kamphepo:
Agogo, ndamva. Za mphepozo ndimazidziwa pothamanga, koma sindinaziganizirepo kumbali ya munthu wotsala. Ndipo Amake Mapasa akunena zoona, amene anakweza liwiro pachitunda chija ndine ndi mnzanga. Komabe maganizo anga ogawa magulu sindinawasiye. Tikapanda kutero zizichitikabe, chifukwa mwendo wamphamvu ukafika pachitunda umangodzipitira.

Makaniko:
Ine ndilowerere pa tcheni, chifukwa chikanapanda kugwa bwenzi nkhani yonseyi kulibe. Achemwali, tcheni chimagwa kawirikawiri munthu akasintha giya yakutsogolo uku akuponda pedulo ndi mphamvu zonse. Pachitunda tcheni chimakhala chitakokeka ngati chingwe, ndiye mukachikankha kuti chitsikire pa giya yaying'ono chimadumpha n'kugwera mkati. Sinthani chitunda chisanakugwireni, miyendo idakali kuzungulira mopepuka. Ngati mwachedwa, pondani mwamphamvu kawiri kuti njinga ipeze kaliwiro, kenako fewetsani phazi kamphindi komwe mukusinthako. Chachiwiri, pa kachitsulo kosuntha tcheni kutsogolo pali timasikuluwu tiwiri tolembedwa L ndi H. Ka L ndi kamene kamaletsa tcheni kupitirira kulowera ku felemu. Kakamasuka pang'ono, tcheni chizigwa ngakhale musinthe bwino. Ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Ndinakuonaninso m'mawa muja mukupalasa, chishalo chanu chatsika kwambiri. Mawondo amakhala opindika nthawi yonse, ndiye mphamvu zambiri zimangotayika ndipo pachitunda ntchafu zimapsa msanga. Yesani izi: khalani pachishalo mutatsamira khoma, ikani chidendene pa pedulo itatsika pansi penipeni. Mwendo uwongoke osatsala. Mukabweza phazi n'kuponda ndi kutsogolo kwake, bondo lipindika pang'ono chabe, ndiye pabwino pamenepo. Musakweze kwambiri tsiku limodzi, muzionjezera pang'onopang'ono.

Kwa nonse amene matcheni anu akulira: yezani. Mfundo zathunthu 12 (yamkati ndi yakunja kuziwerenga ngati imodzi) za tcheni chatsopano zimakwana mainchesi 12 ndendende. Zikapitirira ndi gawo limodzi mwa magawo 16 a inchi, chakutha, ndipo chayamba kudya mano a magiya.

Mlendo:
Zikomo nonse, sindinayembekezere kuyankhidwa chonchi. Amake Mapasa, musadandaule, ndakumvetsani. Bambo Makaniko, n'zoona, ndinasintha ndili chiimire pa mapedulo. Ndiye ndifunse: kuti ndisatsalenso, ndiziyandikira kwambiri tayala la amene ali kutsogolo? Loweruka ndinkasiya mpata waukulu chifukwa cha mantha.

Amake Mapasa:
Ayi achemwali, mantha amenewo musawataye msanga. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira chaka changa choyamba. Ndinkaopa kutsala ngati inuyo, ndiye ndinkakanirira kumbuyo kwa bambo wina wamtali amene ankandibisa bwino kumphepo. Pang'ono ndi pang'ono tayala langa lakutsogolo linalowa m'mbali mwa tayala lake lakumbuyo, ine osaona vuto. Kutsogolo kunali dzenje, iye anangokhotera kumanja pang'ono chabe kulipewa. Ndinamva kulira kwa matayala akukhudzana, kaphokoso kakang'ono ngati nsalu ikung'ambika, mahandulo n'kundipotokera m'manja. Kenako ndinali pansi. Bambo aja sanagwe, sanamve n'komwe mpaka anthu atakuwa. Amagwa ndi wakumbuyo, chifukwa tayala lakutsogolo ndi lomwe umawongolera njinga, likangokankhidwa basi palibe chogwira. Chigongono chinasupuka mpaka kuyera, timiyala titalowa m'bala, ndipo helimeti inang'aluka pamwamba pa khutu. Ndimaisungabe. Ndikaiona ndimadziwa kuti mng'alu umenewo ukanakhala pamutu panga.

Ndiye siyani mpata wokwana njinga yathunthu mpaka mutazolowera, mudzayandikira m'tsogolo. Tayala lanu likhale kumbuyo, lisalowe m'mbali mwa la mnzanu. Musamayang'ane tayalalo, yang'anani msana wake ndi msewu womwe uli kutsogolo kwake. Pachitunda muwonjezere mpata, chifukwa munthu akadzuka pachishalo kuti aponde chiimire njinga yake imabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndipo zala zikhale pa mabuleki, koma osagwira mwadzidzidzi, chifukwa kumbuyo kwanu kulinso munthu.

Makaniko:
Kuwonjezera apo: buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga kwambiri, musaiope. Koma pokhota pomwe pali mchenga kapena timiyala, zomwe m'timisewu takumidzi sizisowa, chepetsani liwiro musanalowe pokhotapo, njinga idakali chowongoka.

Dalaivala Wopalasa:
Pepani ndalowa mochedwa. Ndili ndi dandaulo lina lomwe likugwirizana ndi nkhaniyi. Ine ndimayendetsa galimoto masiku asanu pa sabata n'kupalasa tsiku limodzi, ndiye mbali zonse ndimazidziwa. Timisewu timene timadutsati ndi topapatiza, pokhota sipaoneka chifukwa cha mipanda ndi tchire. Loweruka tinali awiriawiri pamene thirakitala inkatitsata pafupifupi kilomita yathunthu. Bwanji tiziyenda mzere umodzi nthawi zonse?

Wotsogolera:
Achimwene, mzere umodzi si wotetezeka nthawi zonse ayi. Anthu 14 pamzere umodzi ndi njoka yaitali kwambiri. Woyendetsa galimoto amaona ngati mpata ulipo, amayamba kupitirira, ali pakatikati kutsogolo kukutulukira galimoto ina, ndiye amabwerera kutipanikiza. Tikakhala awiriawiri utali umachepa ndi theka, ndipo woyendetsayo amakakamizika kudikira malo oonekera bwino. Ku Britain, Highway Code (malamulo a pamsewu) yomwe anaikonzanso mu 2022 imanena kuti opalasa akhoza kuyenda awiriawiri ndipo nthawi zina n'kotetezeka kutero, makamaka gulu likakhala lalikulu kapena muli osazolowera. Imauzanso oyendetsa galimoto kusiya mpata wosachepera mita imodzi ndi theka popitirira njinga pa liwiro lofika mamailosi 30 pa ola. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, aliyense atsate a kwawo, koma nzeru yakeyo ndi yomveka.

Dalaivala Wopalasa:
Malamulo omwewo amanenanso kuti opalasa azikumbukira galimoto zomwe zili kumbuyo n'kuzipatsa mpata pakakhala potetezeka, polowa mzere umodzi kapena kuima kumene. Loweruka tinadutsa zipata ziwiri za minda pomwe tikanapatuka thirakitala ija n'kudutsa. Munthu amene uja ali pantchito, ife tili kokasangalala. Tikamusunga kumbuyo mphindi zisanu, mkwiyo wake adzauthira pa wopalasa wina amene adzamupeze ali yekha.

Wotsogolera:
Apo ndavomera. Ndipo zikubwereranso pa vuto lomwe lija: wakumapeto kunalibe, ndiye panalibe wokuwa kuti "galimoto kumbuyo." Ine kutsogolo thirakitalayo ndinaimva mochedwa.

Agogo a Tcheni:
Mawu amenewa aziyenda m'gulu ngati ndowa pozimitsa moto, uyu kupatsira uyu. Wakumbuyo akati "galimoto kumbuyo," aliyense abwereze mpaka afike kutsogolo. Wakutsogolo akaona dzenje aloze ndi chala n'kunena, ndipo otsatira alozenso, chifukwa wachisanu pamzere saona msewu, amaona misana. Chimodzimodzi "tikuchepetsa," "tikuima," ndi mawu omwe anasowa Loweruka, "wina watsala." Amenewa akamveka gulu lonse liime, ngakhale pakati pa chitunda.

Za pamphambano, gulu lomwe ndinkapalasa nalo kale linali ndi njira yosavuta. Pofika pokhotera, wotsogolera amaloza munthu amene ali pambuyo pake penipeni. Ameneyo amaima pamphambanopo n'kumalozera anthu njira, ndipo sachoka mpaka ataona wakumapeto. Akatero amathamanga kukapeza gulu. Tsono taona, Kamphepo, amene amakhala pambuyo pa wotsogolera nthawi zambiri ndi wamphamvu ngati iwe. Uima, udikira, kenako uthamanga wekha ndi mphepo yonse kudutsa gulu lonse mpaka kutsogolo, n'kukaimanso pamphambano ina. Pofika kunyumba udzakhala utatopa kuposa tonsefe, ndipo palibe amene wasochera.

Kamphepo:
Imeneyo ndiye ndaikonda, agogo. Loweruka likubwerali mphambano zonse mundipatse ine. Za gulu lothamanga ndidzazibweretsanso pamsonkhano, mwina lizinyamuka tsiku lina kapena m'mamawa kwambiri, kuti amene tabwera pa ulendo wodekha tizidziwa chomwe tabwerera. Achemwali Mlendo, pepani chifukwa cha liwiro lija.

Wotsogolera:
Tigwirizane chonchi kuyambira Loweruka lino. Ndizilemba mayina ndi manambala a onse tisananyamuke, ndipo njira ndiziitumiza pano Lachisanu kuti aliyense aisunge m'foni, iziwoneka ngakhale popanda netiweki. Wakumapeto akabwerera, gulu silisuntha mpaka titasankha wina. Kuwerenga anthu ndi pamwamba pa chitunda chilichonse chachitali. Aliyense abwere ndi chubu chapadera chogwirizana ndi tayala lake, pampu, madzi, ndi kanthu koika m'kamwa, chifukwa ulendo ukapitirira ola ndi theka thupi limayamba kupempha. Ndani akhale kumapeto sabata ino?

Amake Mapasa:
Ine. Achemwali Mlendo, ngati mungabwere mudzakhale kutsogolo kwanga penipeni, chitunda chija tidzakwere limodzi. Ndidzavala malaya achikasu omwe aja.

Mlendo:
Ndibwera. Dzulo madzulo ndinakweza chishalo pang'ono monga ananenera bambo Makaniko, ndipo mawondo asiya kugunda m'mwamba. Timasikuluwu tija ndatiwona koma ndaopa kutikhudza. Komanso sindikudziwa chubu choyenera kugula, ndaona kuti mavavu alipo a mitundu iwiri.

Makaniko:
Woonda wokhala ndi kamutu komasula ndi Presta, wonenepa ngati wa galimoto ndi Schrader. Onani womwe uli pa njinga yanu, gulani wofanana nawo, ndipo manambala olembedwa m'mbali mwa tayala muwajambule mukawaonetse pogula. Timasikuluwuto musatikhudze, mudzafike mphindi 30 gulu lisananyamuke, ndidzabwera ndi sikuludiraiva. Tikamaliza tidzagwetsa tcheni dala kawiri katatu, muphunzire kuchibwezera nokha.